Mafunso ndi mayankho: kuyambitsa kampani ya wrestling yopanda kalikonse mu gemu ya TEW

Tsamba lino talembera anzathu a kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Thabwa ndi Dyeratu kutsika ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma pa Nsanje, amene anakula akuonera John Cena ndi Undertaker m'nyumba zoonetsa kanema, ndipo tsopano akufuna kuyendetsa kampani yawoyawo pa kompyuta. Mayankho ambiri akunena za Total Extreme Wrestling 2020, imene anthu amangoitchula kuti TEW. Mawu a pa mabatani tawasiya m'Chingerezi kuti muwapeze msanga mukatsegula gemu.

Kodi mu gemu imeneyi ndimamenya ndekha?

Ayi. Mulibe batani la chibakera kapena lonyamulira munthu. Inu ndinu mwini kampani ndiponso wokonza zionetsero. Mumalemba anthu ntchito, mumasankha oti amenyane, woti apambane, mphindi zimene ndewu itenge, holo yochitira chionetsero ndi mtengo wa tikiti. Mukatero gemu imawerengera luso la anthu anu n'kukupatsani malikisi pa ndewu iliyonse ndi pa chionetsero chonse. Zonse ndi zolemba, manambala ndi zithunzi za nkhope basi.

Anaikonza ndi Adam Ryland wa ku Britain, ndipo amaigulitsa ndi a Grey Dog Software. Kholo lake ndi Extreme Warfare Revenge ya 2002, imene inali yaulere. Pambuyo pa TEW 2016 panabwera TEW 2020, kenako TEW IX mu 2024. Mabatani amasinthasintha, koma nzeru yoyambira kampani yaing'ono ndi yomweyo.

Laputopu yanga ndi yakale. Ikwanitsa?

Ngati ili ndi Windows, nthawi zambiri ikwanitsa, chifukwa gemu ilibe zithunzi zoyenda. Pamene makina amagwira ntchito yolemera ndi pomwe mwadina kuti tsiku lipite, gemu n'kumawerengera zochitika za makampani onse a dziko lonse. Database, imene ndi kaundula wa omenya ndi makampani onse a mu gemu, ikakhala ya omenya masauzande ambiri, mudikira nthawi yaitali. Pa makina ofooka sankhani database yaing'ono.

Kuno mdani weniweni ndi kutentha ndi magetsi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo laputopu yoikidwa pa matiresi kapena pamwendo imadzizimitsa yokha. Iikeni pa tebulo, muikweze kumbuyo ndi timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, ndipo muzipukuta fumbi pa mabowo a fani. Gemu imalemba save yanu, fayilo yosunga pamene mwafika, pamene mukusewera, choncho makina akazima tsiku lili mkati mowerengedwa, save ikhoza kuonongeka osatsegukanso. Batire ikatsika kufika pa 20 peresenti, musadinenso tsiku lina. Pakutha pa mwezi uliwonse wa m'gemu koperani foda ya save pa flash.

Musanalipire, tsitsani ya kuyeserera, imene imakulolani kusewera miyezi yochepa ya m'gemu ulere. Yathunthu amagulitsa m'madola pa intaneti, ndiye pafunika khadi ya kubanki yotha kugulira kunja.

Nanga pa foni?

TEW ndi ya Windows. Pa foni ya Android pali Booking Revolution ndi Wrestling Empire za Mat Dickie, koma m'menemo mumatenga kampani imene ilipo kale, ndipo ndewu mumaziona ndi kuziseweranso. Journey of Wrestling imaseweredwa pa browser, ndiye imadya bandulo. MyGM, imene ili mu WWE 2K22 ndi zotsatira zake, imakupatsani Raw kapena SmackDown ndi ndalama zoyambira, ndipo imafuna PlayStation, Xbox kapena kompyuta yamphamvu. Kuyamba wopanda dzina, wopanda oonera, ndi TEW imene imachita bwino.

Ndingaike kampani yanga ku Malawi?

Mapu a TEW 2020 ali ndi USA, Canada, Mexico, British Isles, Japan, Europe, Oceania ndi India. Africa mulibe. Mukuyenera kusankha chigawo chimodzi m'maiko amenewa kukhala kwanu. Dzina ndiye lili m'manja mwanu: mutha kuitcha kampani dzina la Nchalo kapena Bangula, lamba wamkulu n'kumutcha wa Ndindi kapena wa Shire, ngakhale likulu lili ku Mid South kapena Great Lakes ku America. Mayina a malo aulemu monga ku Khulubvi ife timati asiyeni, si oseweretsa.

Posankha chigawo yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, kodi kuli omenya ambiri osalembedwa amene amakhala komweko? Munthu wochokera kutali angafune kuti muzimulipirira ulendo. Chachiwiri, kodi kuli makampani angati a msinkhu wanu? Mu database imene imabwera ndi gemu, yotchedwa Cornellverse, America ili ndi zimphona zitatu, SWF, TCW ndi USPW, komanso timakampani tating'ono monga MAW ya ku Mid Atlantic. Ubwino wa America ndi woti omenya alipo ambiri. Kwa woyamba kumene, ndiko kosavuta.

Kampani yatsopano ndimaiyambitsa bwanji?

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulowa mu editor, gawo losinthira za mu database, musanayambe gemu, n'kupanga kampani: dzina, chigawo, ndalama, kutchuka ndi mtundu wa wrestling. Yachiwiri ndi kuyamba gemu muli munthu wosalembedwa ntchito, kenako n'kutsegula kampani yanu mkati mwa gemu.

Pali osewera amene amakonda kuyamba ndi ziro paliponse, ndalama ziro, kutchuka ziro. N'zokoma, koma si za ulendo woyamba. Dzipatseni mpamba wokwanira kulipira zionetsero 10 kapena 12 ngakhale tikiti isagulidwe n'imodzi yomwe, chifukwa chaka choyamba kuluza ndalama n'kwachibadwa. Kutchuka kokha kusiyeni pansi, kuti muone kampani ikukula ndi manja anu.

Popanga munthu amene akuimirira inuyo, mpatseni ntchito ya Road Agent, amene amakonza mmene ndewu iyendere, kapena ya womenya. Potero mwachotsa malipiro a munthu mmodzi pa chionetsero chilichonse.

Product ndi chiyani, ndipo ndisankhe iti?

Product ndi mtundu wa wrestling umene oonera anu akuyembekeza. Apa ndi pamene ambiri amadzikolera msampha tsiku loyamba lomwelo, chifukwa amasankha mtundu wofanana ndi WWE imene amaikonda. Mtundu umenewo umapereka malikisi poyang'ana kwambiri kutchuka kwa omenya. WWE ili ndi Roman Reigns, inu muli ndi anyamata amene palibe akuwadziwa. Ndewu yawo ingakhale yabwino chotani, malikisi adzakhala pansi.

Kampani yatsopano isankhe Product imene imalemekeza luso la mu ring kuposa kutchuka, kapena yoika ziwirizi pakatikati. Luso mutha kuligula motchipa kwa achinyamata ndi kwa akuluakulu amene nthawi yawo yapita. Kutchuka n'kodula.

Mukasankha, werengani tsamba lonse la Product, mzere ndi mzere, ngakhale Chingerezi chake chikhale chotopetsa. Limanena gawo la chionetsero limene likhale ndewu ndi limene likhale zoyankhula, kutalika kwa ndewu kumene oonera amafuna, ngati amafuna kuti wabwino azimenyana ndi woipa, komanso mitundu ya ndewu imene amadana nayo. Product ya magazi ndi mipando imathamangitsa makampani othandiza ndi ndalama, ndipo yothamanga kwambiri imavulaza anthu msanga. Kampani ya anthu 12 ikavulaza awiri, chionetsero chagwa.

Ndilembe anthu angati?

Omenya 12 mpaka 16, woimbira mmodzi ndi Road Agent mmodzi. Ngati chionetsero chanu sichikuulutsidwa, musathamangire kulemba olengeza.

Kagawidwe kake kakhale kotere. Awiri kapena atatu akhale otchukako m'chigawo chanu, chifukwa ndiwo agulitse matikiti. Onetsetsani kuti kutchukako ndi kwa m'chigawo chanu chenicheni: munthu wodziwika ku Japan kapena ku Tri State akhoza kukhala mlendo ku Mid South, koma malipiro adzatchula a munthu wotchuka. Awiri ena akhale akuluakulu a malikisi okwera pa Psychology (nzeru zoyendetsera ndewu) ndi Basics (maluso oyambira), oti azinyamula ndewu ndi kuphunzitsa ana. Otsalawo akhale achinyamata otchipa, ndipo pakati pawo pakhale awiri a Charisma (chikoka) ndi Star Quality (maonekedwe a katswiri) yokwera, amene mudzamangirepo kampani.

Musanadine batani lolemba, onani Safety, Consistency ndi Stamina (kupirira osatopa msanga). Wa Safety yotsika amavulaza anzake. Wa Consistency yotsika amachita bwino lero, mawa n'kuononga ndewu yaikulu. Onaninso khalidwe lake. Munthu mmodzi wa mtima woipa amasokoneza chipinda chonse chovalira, makamaka gulu likakhala laling'ono.

Pa Road Agent musaumire. Iye ndiye amakonza ndewu iliyonse, ndiye akakhala wofooka malikisi a ndewu zonse amatsika. Funani wa Psychology ndi Experience yokwera, kawirikawiri womenya wakale amene anapuma.

Kontirakiti ndipereke yotani?

Handshake, imene munthu amalipidwa pokhapokha waonekera pa chionetsero. Mukapanda kumugwiritsa ntchito, ndalama yanu sinatuluke. Kontirakiti yolemba ya pamwezi imadya ndalama kaya mwachita chionetsero kaya ayi. Kupatsa katswiri wodula kontirakiti yoteroyo kampani isanakhale ndi oonera kuli ngati kugula ng'ombe ya pa msika wa Ngabu ulibe khola kapena msipu.

Kuipa kwa Handshake ndi koti munthuyo amagwiranso ntchito kwina. Tsiku lanu likagundana ndi la kampani yaikulu, adzapita kumeneko. Choncho musanaike tsiku la chionetsero, onani amene alipo tsikulo, ndipo likagundana sunthani lanu.

Chionetsero choyamba ndichikonze bwanji?

Yambani ndi chimodzi pamwezi, cha ola limodzi kapena ola ndi theka, m'chigawo chanu. Gemu imakuuzani chiwerengero cha anthu amene akuyembekezeka. Sankhani holo yoyandikira chiwerengero chimenecho, osati yaikulu yoti mulipire mipando yopanda anthu.

Konzani kuyambira kumapeto. Ndewu yomaliza, imene gemu imaitcha main event, ndiyo imalemera kwambiri pa malikisi a chionetsero chonse, ndiye ikani omenya anu awiri abwino koposa ndipo muwapatse mphindi 15 kapena 18 ngati Stamina yawo ikulola. Yachiwiri kwa yomaliza ikhale yabwinonso koma isapose yomaliza. Yotsegulira ikhale yachangu, ya mphindi 8 kapena 10, yodzutsa anthu. Pakati ikani za achinyamata, zazifupi, mphindi 6 mpaka 8. Ndewu zisanu zakwana.

Zoyankhula, zimene gemu imati angles, muziike molingana ndi zimene Product ikufuna. Munthu aliyense mu angle amayesedwa pa chinthu chimene mwasankha. Wodziwa kuyankhula muyeseni pa Microphone kapena Entertainment. Chimphona chosadziwa kuyankhula chiyeseni pa Menace, chingoima n'kuopseza. Wongoima pambali asayesedwe pa chilichonse, kuti asatsitse malikisi.

Pali gawo la pre-show, ndewu zochitika chionetsero chenicheni chisanayambe. Sizilowa m'malikisi a chionetsero. Ndi malo abwino oyeserapo achinyamata, koma kumbukirani kuti nawonso amalipidwa.

Ndewu yanga yaikulu yapeza malikisi oipa. Chalakwika n'chiyani?

Funso ili ndi limene limabwera kwambiri, ndipo yankho limakhala pa sikirini pomwepo. Ndewu ikatha, Road Agent amalemba ndemanga. Ziwerengeni zonse. Muthanso kuyatsa Dirt Sheet, imene imaonetsa chilichonse chimene chakweza kapena kutsitsa malikisi.

Cholakwika choyamba chimakhala kutalika. Womenya wa Stamina yochepa mukamupatsa mphindi 20 amatopa pakati, ndipo ndemanga imanena kuti anaoneka wotopa. Dulani mphindi mpaka ndemangayo isiye kubwera. Chachiwiri ndi kulola anthu a Psychology yotsika kuti azikonza okha ndewu ali mu ring, pogwiritsa Call In Ring. Kwa oterowo sankhani Script, kuti Road Agent awalembere zonse. Call In Ring isungireni akuluakulu aja.

Chachitatu ndi chemistry. Anthu ena awiri, onse aluso, sagwirizana basi akakumana, ndipo ena amagwirizana modabwitsa. Zimenezi simungazidziwe mpaka mutawayesa, ndipo zimasiyana save ndi save. N'chifukwa chake si bwino kukumanitsa anthu koyamba pa ndewu ya lamba. Ayeseni kaye pa pre-show kapena pakati pa chionetsero. Mukapeza awiri ogwirizana, alembeni m'kope. Mukapeza osagwirizana, musawakumanitsenso awiriwiri.

Chachinayi ndi kutopetsa oonera. Mukaika Steal The Show, lamulo loti omenya atulutse luso lawo lonse, pa ndewu zotsatizana, anthu amafika pa yomaliza mawu atatha. Pakati pa ndewu ziwiri zotentha ikani ina ya Calm The Crowd, yopumitsa oonera, kapena angle yaifupi. Chachisanu ndi kubwereza: anthu omwewo kumenyana mwezi ndi mwezi, gemu imadula malikisi. Asinthanitseni, nthawi zina muwaike mu ndewu ya awiriawiri.

Pomaliza, musayerekeze malikisi anu ndi a SWF. Chofunika ndi chakuti malikisi a chionetsero apose kutchuka kwa kampani yanu m'chigawo chimene mwachitira. Ngati kutchuka kwanu kuli pa 8 ndipo chionetsero chapeza 30, mwakula, ngakhale 30 aoneke wochepa.

Ndalama zikungotha. Ndidule pati?

Tsegulani tsamba la Finance muone mzere umene ukudya kwambiri. Kawirikawiri ndi malipiro a omenya. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka: omenya 14 pa $50 aliyense ndi $700, woimbira ndi Road Agent $150, zonse $850 musanalipire holo. Mukachita ndewu zinayi za mmodzi ndi mmodzi, mwagwiritsa anthu 8 okha, ndipo $300 yatsala m'thumba. Si aliyense ayenera kuonekera mwezi uliwonse. Ndewu za anthu 6 kapena 10 nthawi imodzi n'zodula kwa kampani yaing'ono.

Za makamera, nyimbo ndi magetsi a pa siteji, zimene zili pansi pa Production, zisiyeni pa mlingo wotsikitsitsa mpaka mutapeza woulutsa. Sukulu yophunzitsira omenya idikire.

Ndalama yolowa poyamba imachokera kwambiri kwa makampani othandiza, ndipo iyo imabwera pamwezi. Ndiye ngati chionetsero chilichonse chikuluza, kuchita zinayi pamwezi ndi kuluza kanayi pa thandizo lomwelo. Onjezani chachiwiri pokhapokha choyamba chayamba kudzilipira chokha.

Pa mtengo wa tikiti pali kusankha. Tikiti yotchipa imabweretsa anthu ambiri ndipo kutchuka kumakwera msanga, koma ndalama ya pakhomo imachepa. Ngati mpamba ulipo, tchipitsani miyezi yoyamba, mudzakweze anthu atakuzolowerani. Ngati mpamba watsala wa miyezi itatu, musayese. Kukhala m'ngongole miyezi yotsatizana kumatseketsa kampani.

Mnyamata wosadziwika ndingamusandutse bwanji katswiri?

Pang'onopang'ono, ndipo mmodzi kapena awiri pa nthawi imodzi. Womenya amatchuka akagonjetsa munthu womuposa kutchuka, komanso akamaoneka m'zigawo zopeza malikisi abwino. Yambani ndi kumupambanitsa kwa anzake a msinkhu wake miyezi itatu kapena inayi, kuti Momentum yake, muyeso woonetsa ngati akukwera kapena akutsika, itenthe. Kenako agonjetse wa pakati. Pa nthawi yomweyo muzimuika mu angle limodzi ndi munthu wanu wotchuka, kapena akhale mnzake pa ndewu ya awiriawiri, kuti anthu amuzolowere.

Musamudumphitse. Mukauza katswiri wanu kuti agonje kwa mwana wosadziwika, amakwiya, ndipo kutchuka kumene iye wataya kukhoza kuposa kumene mwanayo wapeza. Nthawi ikakwana yoti wamkulu agonje, ikani Keep Strong pa dzina lake kuti asaoneke wofooka, kapena agonje chifukwa wina walowerera. Akuluakulu amene ali pafupi kupuma ndiwo oyenera kupereka kutchuka kwawo kwa ana.

Mpatseninso gimmick, khalidwe limene amasewera pamaso pa oonera, yogwirizana ndi luso lake. Munthu wosaseketsa musamupatse ya nthabwala. Gimmick ikalandiridwa moipa, isintheni, koma osati mwezi uliwonse.

Kampani yaikulu yanditengera katswiri wanga. Ndikanatani?

Palibe chimene mukanachita. Kampani yaikulu ikapereka kontirakiti yolemba yomuletsa kugwira kwina, wa Handshake amapita. Zimapweteka, koma ndi umboni woti mukusula anthu bwino. Chimene mungachite ndi kukonzekera. Uthenga ukangofika woti akuchoka, onani ngati patsala chionetsero chimodzi. Ngati chilipo, agonje kwa amene mukufuna alowe m'malo mwake, ndipo ngati ali ndi lamba amusiye pomwepo. Nthawi zonse khalani ndi anthu atatu oti akhoza kutseka chionetsero, kuti mmodzi akachoka musagwe.

Malamba akhale angati?

Mmodzi. Gulu likafika anthu 18 kapena 20 mutha kuonjezera wa awiriawiri. Lamba amakwera ulemu akamatetezedwa pa ndewu zabwino ndiponso akakhalitsa kwa munthu mmodzi, ndiye ngwazi yoyamba ikhale munthu wanu wodalirika, asunge lambayo miyezi 6 kapena kuposa.

Ndipite liti ku zigawo zina, nanga za TV?

Mu TEW 2020 makampani amakwera kuchoka pa Insignificant kupita pa Tiny, Small, Medium, Big, Large mpaka Titanic, ndipo tsamba la Size limanena kutchuka kumene mukufunika ndi zigawo zake. Masitepe oyamba amadalira chigawo chanu, ndiye khalani kwanu. Mukapita kumene simudziwika, holo imakhala yopanda anthu, omenya anunso sadziwika kumeneko, ndipo malikisi amatsika. Kutchuka kwa kwanu kukakwera, kumadontherako ku zigawo zoyandikana, ndipo kumeneko ndiko koyambira mukafuna kutuluka.

Oulutsa ali ndi zofuna zawo: msinkhu wa kampani, malikisi osachepera mlingo wina, ndi Production yabwino. Musanasaine, werengerani mtengo wokweza Production, wolemba olengeza, ndi wolipira omenya sabata iliyonse m'malo mwa kamodzi pamwezi. Mukamalephera malikisi amene analamula, amakuchotsani, inu mutawononga kale ndalama. Kukwera msinkhu nakonso kumakweza zolipira za pamwezi, ndipo omenya amene atchuka amayamba kupempha malipiro okwera. Fikani pa sitepe yatsopano muli ndi ndalama zosungira za miyezi ingapo.

Anthu anga akukangana kuchipinda chovalira. Ndiwachotse?

Onani kaye amene akuyambitsa. Nkhani ikabwera, gemu imakupatsani zosankha, kuyambira kungomulangiza, kumuchenjeza, kumulipitsa chindapusa, mpaka kumuchotsa. Kulakwa koyamba kwa munthu wa khalidwe labwino, chenjezo lakwana. Chilango chopyola muyeso chimakwiyitsa iye ndi anzake ogwirizana naye. Koma ngati dzina lomwelo labwera kachitatu, ndipo munthuyo si amene akugulitsa matikiti, musiyeni apite, n'kulemba m'malo mwake wamkulu wa khalidwe labwino ndi Respect yokwera. Malamulo a kuchipinda chovalira, monga kuletsa mowa kapena kupereka chakudya, amasinthanso mtima wa gulu. Yambani ndi amene safuna ndalama, ndipo a chakudya ndi mayendedwe mudzawaonjezere chionetsero chikayamba kudzilipira.